Jekete la Kutchalitchi M'munda wa Mtedza

Harold anaima pakati pa munda wa bambo ake ku Kabudula, foni ili m'manja, nkhope ili gwa. Mtedza wonse unali utapinimbira, masamba achikasu, opiringizika. Matenda a kadukutu anali atamaliza ntchito yawo.

"Ndinakuuzani kuti muzijambula bwino," anatero. "Pulogalamuyi silakwa."

A Mateyu, bambo akewo, anangozyolika ndi manyazi. Mwana wawoyo ankachita digiri yachiwiri ya makompyuta mumzinda, ndipo anapanga yekha pulogalamu yozindikira matenda a mtedza pachithunzi. Sabata iliyonse a Mateyu ankatuma Tisiyenji, mlongo wa Harold, kukajambula mundawo kuti pulogalamuyo iupime. Yankho linkabwera lomwelomwelo: wathanzi. Anzawo akuzula mbewu zodwala ndi kupopera nsabwe, a Mateyu ankangoti, "Kwathu kuno kompyuta yanena kale."

Harold anali mnyamata wodzimva. Pulogalamuyo anaiphunzitsa ndi zithunzi zambirimbiri zimene alimi anamutumizira pafoni, ndipo poiyesa inkakhoza pafupifupi zonse. Kalasi ya statistiki ankaithawa. Ankati zimenezo n'za anthu owerenga mbuzi. Mphunzitsi wake atamufunsa ngati anazipenda zithunzizo kuti adziwe chimene makinawo akuphunzira, anangoseka n'kutuluka.

"Onani mmene muyenera kujambulira," anatero Harold m'mundamo. Anawerama n'kujambula phata limodzi. Foni inati: wodwala. "Mwaona, eti?"

"Pepa mwanawe," anatero a Mateyu motsitsa mawu. "Takuipitsira dzina ndi umbuli wathuwu."

Pofuna kuwasonyeza pamene ankalakwitsa, Harold anatsegula zithunzi za Tisiyenji. Zinali zowala bwinobwino, masamba achikasu akuonekeratu. Ndipo m'chithunzi chilichonse munali bambo ake, atavala jekete lawo la kutchalitchi, ataima njo pakati pa mizere kuti mwana wawo awaone.

Harold anakweza foni n'kujambula bambo ake pomwe anaimapo, pa mtedza wakufawo. Foni inati: wathanzi.

Kenako anatsegula zithunzi za alimi zija, koyamba kuziyang'anitsitsa. M'minda yabwino, eni ake anali ataima momwemo akumwetulira. M'minda yodwala munalibe munthu. Ndani angadzijambulitse pa manyazi ake? Makina ake sanaphunzire za mtedza ayi. Anaphunzira kuona munthu.

"Kodi ndaimanso molakwika?" anafunsa a Mateyu, akukonza kolala.