Dzina Lopalidwa pa Bolodi

Wokonza zamagetsi anabwerera ku shopu kutada, chifukwa wogula ankafuna bolodi ya timawaya ta magetsi yoyendetsa pampu ya madzi m'mawa mwake. Amene anaipanga anali malemu mlamu wake, koma iye anali atapala dzina lawo pakona ndi mpeni, n'kuuza wogulayo kuti ndi ntchito ya manja ake.

Chinatsala n'kuikamo pulogalamu basi. Analumikiza bolodiyo ku kompyuta ndi kachipangizo kolowetsera pulogalamu, koma kompyuta inati sikuona kachipu, kaubongo ka pabolodipo. Anasintha waya, anayeza magetsi, anapukuta timiyendo ta kachipuko. Sizinathandize.

Foni inalira. Anali mkazi wake.

"Bambo, mugona komweko? Bola malemu achimwene ankabwerako kudzadya."

"Kachipu kakukana kundidziwa," anayankha, n'kudula msanga.

Kenako anamva fungo la mtovu wosungunuka. Koma chowotcherera mtovu chake chinali pashelefu, chozizira.

"Alamu," anatero mawu chapansipansi kumbuyo kwake, "mpeni wanu uja unadula kanjira ka magetsi pansi pa dzina langa."

Sanacheuke. Manyazi anamugwira kuposa mantha. Anatembenuza bolodi. Pamene anapala paja panali kadontho ka mtovu, kotenthabe. Kagetsi kobiriwira kanayaka, ndipo kompyuta inayamba kulemba dzina lija, chilembo chimodzichimodzi.