Nyenyezi Imodzi ya Bambo Gajda

Mtendere ukhale nanu, owerenga okondedwa. Tiyamike Mwini moyo amene watidzutsanso lero, ife opusa pamodzi ndi anzeru, osasankha.

Loweruka lija Bambo Leszek Gajda anakhala pampando wapakati m'chipinda chakumbuyo kwa shopu ya mlamu wawo Mirek, m'tauni ya Tarnów, chosewerera gemu cha mabatani chili m'manja, thukuta lili kamukamu. Kumbuyo kwawo tinaima ife, amuna a imvi ndi madazi, amene timasonkhana pamenepo kusewera magemu a ku Japan omenyana ndi malupanga, akazi athu akuyesa kuti tikukonzetsa makompyuta.

Bambo Gajda ndi oimba limba kutchalitchi kwathu, koma pa intaneti ankadziwika ndi ndemanga zawo. Gemu yatsopano ikatuluka, tinkadikira kaye timve kuti aipatsa nyenyezi zingati. Mawu awo ndiwo ankatseka mkangano, ndipo mpando wapakatiwo unali wawo. Ankanyadiranso chinthu china: munthu wawo wa m'gemu anali asanafepo. Kamzere kofiira ka moyo kakangotsala pang'ono kutha, chala chawo chinkathamangira batani lobwerera m'mbuyo, n'kuyambiranso.

"Ine sindigwada pamaso pa chifaniziro," ankatero.

Tsono kunabwera gemu ina. Mnyamata wa lupanga akuthawa mudzi woyaka moto, akufika pamlatho, ndipo pamlathopo paima chimphona chovala chigoba chachitsulo kumaso. Bambo Gajda analimbana nacho nyengo yonse yachisanu. Potsiriza analemba motere: "Nyenyezi imodzi. Gemuyi ndi mudzi umodzi, mlatho umodzi ndi chimphona chosafa. Ndachibaya mpaka zala zatupa. Amene akulemba za mizinda ya m'chipululu ndi nyanja ya pansi pa nthaka achita kubera, kapena ndi mboni zonama."

Pansi pa ndemangayo panadzaza tinkhope toseka. Iwo anati umenewo ndi mtanda wa aliyense wonena choonadi, ndipo anausenza mokondwa. Ife tinavomereza ameni, gemuyo osaigula. Palibe mlendo pa intaneti amene anafotokoza kanthu, pakuti pakati pa osewera kuulula zam'tsogolo mwa gemu ndi tchimo lovuta kukhululuka.

Mirek yekha ndiye ankangoseka. Iye ankati anawoloka mlathowo kalekale.

"Alamu, bodza silikukhalani," anatero Bambo Gajda tsiku lina pamaso pathu. "Maso angawa akadzaona munthu ali tsidya la mlatho uja popanda kubera, ndidzafufuta ndemanga zanga zonse, mpandowu ndikusiyirani."

"Mwalumbira nokha, a zala zoyera," anayankha Mirek. "Bwerani ndi makina anu omwewo Loweruka, dzuwa lisanafike pamutu. Mudzasewere nokha, ine manja kumbuyo."

Ndi mmene tinapezekera m'chipindamo, tiyi akuzizira m'matambula, soseji ili m'mbale yopanda woiyang'ana.

Kunena zoona, mkuluyo ankamenya nkhondo yokongola. Zala zozolowera nyimbo za Pasaka zinkavina pamabatani. Chimphona chikagwetsa chibonga kumanzere, mnyamata anali atagubudukira kale kumanja. Analasa bondo, analasa khosi, anakwera pamsana n'kubaya pakati pa mapewa. Chimphona chinangodzikung'untha ngati galu wotuluka m'madzi.

"Mukuona?" anakuwa. "Ichi si chilombo, ndi chinyengo! Alamu, konzani mawu opepesa."

"Menyani, akulu, musalalikire," anatero Mirek, maso ali pasikirini.

Kamzere ka moyo kanayamba kufupika. Chibonga chinawapeza kamodzi, kawiri. Kanatsala kochepa ngati ulusi. Tonse tinaona chala chawo chikusendera ku batani lija.

Pomwepo belu lakutchalitchi linalira, kuitanira pemphero la masana.

Munthu amene wamvera belu limenelo moyo wake wonse safunsa mutu wake. Bambo Gajda anangoika chosewerera patebulo, n'kuimirira, n'kulemba chizindikiro cha mtanda. Ifenso tinaweramitsa madazi athu. Koma magemu amenewa sayembekeza munthu, ngakhale wopemphera. Tisanafike pa ameni tinamva phokoso lakuti phwa! Sikirini inada bii.

"Izi siziwerengedwa!" anatero Bambo Gajda. "Ndinali m'pemphero! Nonse ndinu mboni!"

Tonse tinatembenukira kusikirini. Mumdimamo munayamba nyimbo yofatsa imene iwo anali asanaimvepo. Mnyamata uja anatsegula maso ali gone pamchenga, mlatho uli kumbuyo kwake, patsogolo pake patatambalala dziko lalikulu la mapiri ndi mizinda. Kenako dzina la gemu linatuluka, koyamba, ndi mawu aang'ono pansi pake: Chiyambi.

"Chimphonacho sachipha munthu, alamu," anatero Mirek, akukoka mpando wapakati. "Anachipanga kuti chikupheni. Gemu imayamba mukafa. Inu nyengo yonseyi mwakhala mukuweruza khomo."

Ambuye akusungeni, owerenga, akupatseni mtima wololera kugwa pamene kugwako ndi njira, ndipo akudzutseni tsidya linalo ndi mtendere. Ameni.