Kavinidwe ka Nsofwa

"Taonani Nsofwa! Phewa likudumpha lokha, pomwe inu mwauma ngati zitsa!" anakalipa Mayi Kapambwe, amene ankaphunzitsa ana kuvina pokonzekera ukwati ku Kitwe.

"Anti, sindikuchitira dala," Nsofwa anadandaula.

"Luso ndi limenelo, mwanawe. Nonse mutsanzireni!"

Nsofwa atayamba kugwetsa makapu kunyumba, mayi ake anapita naye kuchipatala. Dokotala anafunsa za zilonda zapakhosi zomwe mwanayo anadwala miyezi yapitayo. Anati kudumpha kwa phewa kuja ndi matenda obwera chifukwa cha zilondazo. Anamvetsera mtima wake, n'kumugoneka m'chipatala pomwepo, poopa kuti mtimawo ungawonongeke.

Pa tsiku la ukwati, dokotala uja anali m'gulu la alendo. Ana atalowa akudzutsa mapewa ndi kupotokola manja, iye anadzambatuka pampando.

"Mayo ine! Onsewa?"

"Onse, adokotala," Mayi Kapambwe anayankha monyadira. "Ndawapatsira ndekha."