Nsapato za Eliness

Lole itaima pa Manjawira kuti injini izizire, Silvester anatsegula sutikesi. Anali atangotsika sitima ku Balaka, patatha zaka zisanu ali ku migodi ya ku Joni, ndipo mkazi wake Lufina anakamuchingamira ndi ana awiri. Njira yonse anawo ankalira ludzu, wamng'ono mpaka kusanzira katundu wa eni ake.

Anatulutsa mapeyala awiri a nsapato, omangidwa ndi tizingwe timene anayezera mapazi a ana ake tsiku lonyamuka.

"Fanizo, bwera uyese."

Zinangolowa zala zokha. Silvester anaziika pambali n'kutenga zazing'onozo.

"Izi n'za Eliness."

"Kalata ya maliro ake munalandira, bambo a Fanizo," anatero Lufina, maso ali kumsewu.

"Ndinalandira. Ndinali nditagula kale."

Kamwana kena kaja, ka zaka zitatu, kamene Silvester anali asanafunse dzina lake ngakhale la bambo wake, kanatambasula mwendo. Silvester anakaveka. Nsapato inakwana bwinobwino.

Dalaivala analiza hutala. Silvester anamanga chingwe cha nsapatoyo, n'kupempha phazi linalo.