Mwala wa a Mwafongo

A Hudson Mwafongo anakhala pa benchi ya kachipatala kena pa boma la Karonga, dzanja lili m'chiuno, kudikira zotsatira za sikani yomaliza. Mawa lake ankayenera kukwera basi ya ku Lilongwe, kukagona pa makina ophwanya miyala ya mu impso.

Dokotala, mayi Cathy Phiri, anali atawafotokozera kawiri konse. Palibe mpeni. Makinawo amatumiza mafunde amphamvu kudzera pakhungu, mwala n'kusweka kukhala ngati mchenga, n'kumatuluka ndi mkodzo. Ola lisanathe munthu amadzuka.

Koma a Mwafongo, mkulu wa mpingo, wogula mpunga wodziwika Kaporo yense, sakanapusitsidwa ndi dokotalayu, mtsikana wa ku Ntcheu. Chinthu choswa mwala chingasiye bwanji mnofu? Iwo anaona kuti ulendo wa ku Lilongwe ndi wopita pampando, wobwerera m'bokosi. Ndipo mkulu wa mpingo sakafika kumwamba ndi katundu.

Anatembenukira kwa akazi awo, mayi Eunice, omwe anali pambali pawo chikwama chili pamiyendo. Anatsitsa mawu, n'kuyamba m'Chinkhonde kuti anthu a pa benchi ina, omwe ankaoneka ngati akumwera, asamve.

"Amake Fumbani, pali zoti mudziwe ndisanapite. Ku Chilumba kuja sindinkapitira mpunga wokha."

"Pitirizani, bambo."

Anapitiriza. Ku Chilumba kunali mayi wina, Bertha. Kunalinso mwana, Keziya, wa Sitandade 2, mphuno ngati yawo yomwe. Malata omwe ananena kuti anapita ndi madzi osefukira chaka chija anafolera nyumba ya Berthayo.

Mayi Eunice sanalire, sanatukwane. Anangowakonzera kolala ya malaya.

"Pole, pepani bambo a Fumbani. Mwasenza zolemera. Zatha, kapena zilipo zina?"

A Mwafongo misozi inalengeza. Mkazi wotere, woti ngakhale abusa sanafike pamenepo. Imfa ikayandikira, anaganiza motero, anthu amakhululuka msanga. Choncho anaonjezera za ng'ombe ziwiri za malemu apongozi awo, zomwe sizinafe ndi matenda monga anauzira banja lonse. Anatchulanso za Bessie wa kwaya, ngakhale zimenezo zinali za miyezi itatu yokha. Atamaliza anapuma mozama. Mtima unapepuka, ngakhale msana anaumva ngati wasiya kupweteka. Anadziuza kuti kulapa ndi mankhwala.

Chitseko chinatseguka. Mayi Phiri anatuluka ndi faelo m'manja, n'kuima modabwa.

"A Mwafongo, mudakali pano?"

"Ndikudikira kalata ya ku Lilongwe, adokotala. Ndakonzeka. Ndakonza zonse."

"Ku Lilongwe kukatani? Mwala mulibe. Unali utatsikira kale mu njira ya mkodzo, ndiye watuluka wokha, mwina dzana muja mumati mukufa. Impso zili bwinobwino. Muzingomwa madzi ambiri, kuno kumatentha. Inu muli ndi zaka zambiri kutsogoloku."

A Mwafongo anachotsa dzanja m'chiuno muja.

Dokotala anayang'ana mayi Eunice. "Mayi, simunawauze? Paja ndakufotokozerani zonse ola lapitalo, iwo ali kuchimbudzi."

Mayi Eunice anaimirira, n'kumanga bwino chitenje.

"Ndimafuna kuwauza, adokotala. Koma bambo amalankhula, ndiye kwathu mwamuna sitimudula mawu."