Imfa ya Kopolo Saulos

Mabesi anali akuyesererabe kulira kwa mizinga pamene Aphunzitsi a Dunstan Muhiwa anamva fungo la matemba m'tchalitchi.

Anacheuka. Pa benchi yakutsogolo, ya asilikali akale, panali patakhala munthu wa ndevu zosapesa, malaya zigamba zokhazokha, khutu limodzi palibe. Wa ku Chisi ameneyu, n'zosachita kufunsa. Kuchilumba kuja n'kumene amathera onse amene kumtunda kwawakana. Chonyansa kwambiri n'chakuti madala a nkhondowo anamusendera okha, ngati walowa sajeni. Ukalamba ndi matenda ndithu.

"Inu achimwene, msika uli ku Songani," anatero Aphunzitsi. "Benchi iyi ndi ya anthu amene ananunkhiza wonga."

"Pepani, Aphunzitsi," anatero munthuyo. Anatola chipewa chake n'kukakhala pansi pafupi ndi khomo.

Limeneli silinali tsiku losewera. Bwana Disi, mkulu wa boma la Zomba, anali atabwera yekha pa jipi mpaka kwa Kuntumanji kudzamva kwaya. Ikamusangalatsa, ndiye kuti Lamlungu lokumbukira ogwa pankhondo, Novembala yemweyu wa 1954, ikayimba ku Zomba pa chipilala cha asilikali, pamaso pa Bwanamkubwa. Suti yokavala kumeneko Aphunzitsi anali ataisita kale m'maganizo.

Nyimboyo anapeka okha, ya zigawo zitatu: Nkhondo, Imfa ya Kopolo Saulos, kenako Mtendere. Za nkhondo ya ku Bama ankazidziwa bwino zedi, pakuti anazimva zonse kwa obwerako, iwo ali m'sitolo ya asilikali ku Zomba kugawa mabulangete. Mendulo boma linapatsa aliyense, ndipo mendulo siulula kumene mwiniwake ankagona. Dzina la Saulos analiona koyamba pa telegalamu yolengeza imfa yake. Anadzipereka kukatula uthengawo kumudzi, ndipo ataona Rhoda, mkazi wamasiyeyo, anakumbukira pomwepo kuti Saulos anafera m'manja mwawo. Anthu atameta maliro, Aphunzitsi analowa m'nyumbamo kukasamala Rhoda ndi kamwana kake Lucy, monga malemuwo anapempha akutsirizika. Mawu otsirizawo ankatalika chaka ndi chaka. Tsopano anali atafika mavesi anayi.

Anthu a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa sadziwa nyimbo. Amadziwa mpunga ndi udzudzu. Komabe luso silibisika, moti ngakhale ku Chisi linamveka. Mwezi ndi mwezi kunyumba kwawo kunkafika kadengu ka matemba kochokera kuchilumbako, kopanda dzina. Aphunzitsi ankadya mosanyinyirika. Munthu wosauka amathokoza ndi chimene ali nacho.

Bwana Disi atakhala pa mpando wokhawo wokhala ndi poyedzamira, Aphunzitsi anakonza mendulo, n'kukweza kandodo kawo kansungwi kopaka laimu.

Chigawo cha Nkhondo chinayenda bwino. Mabesi anagunda mizinga mpaka fumbi kutsika kudenga, matenala anaoloka mitsinje, masopulano analira ngati ndege za adani. Kenaka onse anatsitsa mawu, chipolopolo chinalowa pachifuwa pa Saulos, ndipo Aphunzitsi, okha monga mwa masiku onse, anayimba mawu otsiriza aja dzanja lili pamtima: "Dunstan m'bale wanga, ngwazi yoposa ine, usasiye Rhoda."

Apa Rhoda ankayankha yekha ndi liwu la mkazi wamasiye. Zaka zonsezi ankayimba gawoli ngati akuitana nkhuku, ndipo Aphunzitsi anali atatopa n'kumuuza kuti aziikako mtima. Lero anaikako. Maso ake anali kukhomo, liwu likunjenjemera, ndipo pakati pa vesi anagwira pakamwa ndi mpango. Zaka zisanu ndi zinayi za kuphunzitsa sizinapite pachabe.

Madala a pa benchi yakutsogolo onse anali atawerama, osayang'anana. Ngakhale wa matemba uja anali ataphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Aphunzitsi anatalikitsa Mtendere mwadala, kuti anthu alire mokwana.

"Zabwino kwambiri, Mphunzitsi," anatero Bwana Disi m'Chinyanja chake cha m'buku, akupukuta nkhope. Kunkatentha, koma Aphunzitsi ankadziwa kusiyanitsa thukuta ndi misozi. "Nkhani iyi ndi yoona yonse? Bwanamkubwa adzafunsa."

"Liwu lililonse, Bwana. Magazi ake anathera pa malaya angawa." Aphunzitsi anayang'ana uku ndi uku kufuna chowonjezera. "Choonadi chimalasa ngakhale mbuli, Bwana. Taonani msodzi uyo. Inu achimwene, tabwerani kuno. Musaope, Bwana saluma."

Munthuyo anadzuka, nayenda pakati pa mabenchi mosafulumira. Atafika pamaso pa Bwana Disi anagunditsa zidendene zopanda nsapato, n'kuwongoka ngati mtengo. Kutengera zimene anaona pa perete, mosakayikira. M'masomo munalidi monyowa.

"Tauzani Bwana," anatero Aphunzitsi. "Chakuolotsani nyanja yonseyi n'chiyani?"

"Ndinkangomva kwa anthu kuti ndinafa bwino, Aphunzitsi, ndiye ndati ndikamve ndekha. Mwayimba mokoma. Koma chipolopolocho chinangotenga khutu."

Rhoda anatsika pa mzere wa masopulano, n'kugwada monga agwadira mkazi polonjera.

"Matemba aja tinalandira, bambo a Lucy."