Thiraki Yopanda Katundu

"Mayi a ana, lero nkhomaliro ndidyera kunyumba!" dalaivala wa thiraki anakuwa pa foni, uku akuvinavina. Kontena yake inali itakwezedwa kale pa sitima ya pamtunda. Pa mgwirizano watsopano, mathiraki ankangofikitsa katundu pa siteshoni, ulendo wautali wa kudoko n'kusiyira njanji.

Woyendetsa sitimayo, mlamu wake amene ankapikisana naye zaka zonsezi, anasuzumira pawindo.

"Alamu, mwathawa mpikisano eti? Mwakalamba basi!"

"Ndani wakalamba? Ine?"

Dalaivala analumphira m'thiraki n'kuponda moto pamsewu wotsata njanji, akuliza hutala, akuseka chikhakhali.

Anapambanadi. Anafika kudoko dzuwa likulowa, kumbuyo kulibe kanthu, foni ikulira m'thumba.